Chimene chimaphimba Epsilon Aurigae zaka 27 zilizonse

Kumpoto kwa thambo, m'gulu la nyenyezi lotchedwa Auriga, chapafupi ndi nyenyezi yowala kwambiri ya Capella, pali nyenyezi ina imene munthu amaiona ndi maso popanda chipangizo chilichonse. Dzina lake ndi Epsilon Aurigae, ndipo ena amaitchula ndi dzina lochokera ku Chiarabu lakuti Almaaz. Kwa zaka pafupifupi 25 imawala bwinobwino. Kenako imayamba kuzilala pang'onopang'ono kwa miyezi inayi kapena isanu, mpaka kuwala kwake kutsala theka. Imakhala choncho kupitirira chaka chathunthu, isanayambenso kuwala n'kubwerera mwakale. Zonsezi zimatenga zaka pafupifupi ziwiri, ndipo zimabwerezabwereza zaka 27.1 zilizonse.

Woyamba kulemba za kuzilala kumeneku anali Johann Fritsch, m'busa wa ku Germany, mu 1821. Mu 1847 Eduard Heis ndi Friedrich Argelander anaonanso zomwezo, ndipo zinachitikanso mu 1874 ndi mu 1901. Hans Ludendorff wa ku Potsdam ndiye anasonkhanitsa zolemba zakalezi, ndipo mu 1904 anafotokoza kuti nyenyeziyi ili ndi inzake imene imadutsa kutsogolo kwake n'kuiphimba.

Pamenepo palibe chodabwitsa. Nyenyezi zambiri zimayenda ziwiriziwiri, kuzungulirana chifukwa cha mphamvu yokoka, ndipo njira yawo ikakhala kuti tikuionera cham'mbali, ina imadutsa kutsogolo kwa inzake n'kuchititsa kadamsana. Yodziwika kwambiri ndi Algol, imene John Goodricke anaifotokoza mu 1783. Kadamsana wake amabwera masiku 2.87 aliwonse, n'kutha pa maola pafupifupi 10. Akatswiri a zakuthambo amazikonda nyenyezi zoterezi chifukwa ndi zimene zimalola kuyezedwa kukula ndi kulemera kwake mosakayikitsa. Koma atayesa njira zomwezo pa Epsilon Aurigae, mayankho ake anali otsutsana okhaokha.

Choyamba ndi kutalika kwa kadamsanayo. Zinthu ziwirizi zimadutsana pa liwiro la makilomita makumimakumi pa sekondi, komabe chophimbacho chimatenga zaka ziwiri kuti chidutse. Ndiye kuti kuchoka mbali ina kufika mbali ina n'chachitali kuposa mtunda wa pakati pa Dzuwa ndi Jupiter.

Chachiwiri ndi chimene chinazunguza mitu kwambiri, ndipo kuti timvetsetsane tiyenera kudziwa kaye mmene kuwala kumawerengedwera. Kuwala kwa nyenyezi kukadutsa pa galasi logawa kuwala kumamwazika n'kukhala mitundu ya utawaleza. M'mitundumo mumaoneka timizere takuda tambirimbiri, ndipo kamzere kalikonse kamasonyeza chinthu chimene chili mu mpweya wa nyenyeziyo: haidrojeni, ayironi, kashiamu ndi zina. Nyenyezi yotentha kwambiri imakhala ndi timizere tosiyana ndi ta nyenyezi yozizirirapo, motero katswiri akangoona timizereto amadziwa mtundu wa nyenyezi. Ya Epsilon Aurigae ndi ya mtundu wa F, yoyera mopita ku chikasu, yotentha madigiri pafupifupi 7,500 pamwamba pake, pamene Dzuwa ndi madigiri 5,500.

Tsopano, pa nyenyezi ziwiri wamba, kuwala kukatsika n'kukhazikika pamalo amodzi kwa nthawi, kawirikawiri ndiye kuti ya kumbuyo yabisikiratu, ndipo timizere timene timaoneka ndi ta nyenyezi ya kutsogolo. Pa Epsilon Aurigae kuwala kumakhazikika pansi kupitirira chaka, koma timizere timakhala tomwe tija ta nyenyezi ya F. Palibe nyenyezi yachiwiri imene imatulukira. Mtundu wa kuwala nawonso susintha kwenikweni. Nyenyeziyo imangochepa mphamvu ndi theka basi.

Chachitatu ndi kulemera. Nyenyezi ikamabwera kumene kuli ife, timizere take timasunthira pang'ono ku mbali ya buluu, ikamapita kutali timasunthira ku mbali yofiira. Poyeza kusuntha kumeneku chaka ndi chaka, akatswiri anapeza kuti nyenyezi ya F imabwera ndi kubwerera pa liwiro lofika makilomita pafupifupi 14 pa sekondi m'zaka 27 zija. Chimene chingakoke nyenyezi yaikulu choncho n'cholemera ndithu, kuposa Dzuwa maulendo angapo. Nyenyezi yolemera motero imayenera kuwala kwambiri. Iyi siioneka.

Apa pali kasamu kamene ndikufuna tikaone bwinobwino, chifukwa mkangano wonse wa lero wagona pamenepo. Malamulo a Kepler ndi Newton amati ukadziwa nthawi imene nyenyezi ziwiri zimatenga kuzungulirana, n'kudziwanso liwiro la zonse ziwiri, ukhoza kupeza kulemera kwa iliyonse payokha. Koma ukangodziwa liwiro la imodzi, umapeza nambala imodzi yokha imene yaphatikiza zonse ziwiri. Nambalayo imapezeka motere: kulemera kwa yosaonekayo kulembedwe katatu n'kuchulukitsana, kenako kugawidwe ndi kulemera kwa zonse pamodzi kolembedwa kawiri n'kuchulukitsana. Pa Epsilon Aurigae, miyezo yosiyanasiyana yapereka nambala ya pafupifupi 2.5 mpaka 3, tikamatenga kulemera kwa Dzuwa ngati 1.

Tiyeni tiyese. Tinene kuti yowalayo imalemera 15 ndipo yosaonekayo 13. Ndiye 13 × 13 × 13 ndi 2,197, zonse pamodzi ndi 28, ndipo 28 × 28 ndi 784. Tikagawa tipeza 2.8. Zagwirizana. Tsopano tinene kuti yowalayo imalemera 3 yokha ndipo yosaonekayo 6. Ndiye 6 × 6 × 6 ndi 216, zonse pamodzi ndi 9, ndipo 9 × 9 ndi 81. Tikagawa tipeza 2.7. Zagwirizananso. Mayankho awiri otalikirana chonchi, samu ikuwavomera onse.

Kwa zaka zambiri funso limene linkavuta silinali la kulemera koma lakuti chophimbacho n'chiyani. Mu 1937 akatswiri atatu otchuka a ku Yerkes Observatory ku America, Gerard Kuiper, Otto Struve ndi Bengt Strömgren, anati ndi chinyenyezi chozizira, chachikulu kuposa Dzuwa maulendo opitirira 2,000, chimene mpweya wake ndi wopyapyala moti kuwala kwa inzake kumadutsa. Kwa nthawi yaitali mabuku ankachitchula kuti ndicho nyenyezi yaikulu kuposa zonse zodziwika. Ganizoli linagwa chifukwa nyenyezi yotero, ngakhale ikhale yozizira, iyenera kutulutsa kuwala kochuluka kwa infrared, kuwala kwa kutentha kumene maso athu saona, ndipo atakufufuza sikunapezeke pa mlingo umene unkayembekezeka. Mu 1961 Margherita Hack wa ku Italy anati pakati payenera kukhala nyenyezi yaing'ono yotentha yokutidwa ndi mpweya. Mu 1965 Su-Shu Huang anabwera ndi ganizo limene linadzapambana: chophimbacho si chozungulira ngati nyenyezi ayi, ndi chimbale chafulati chimene tikuchionera m'mphepete, ndipo chikamadutsa chimangobisa gawo la nkhope ya nyenyezi, gawo linalo n'kumawalabe. Mu 1971 Alastair Cameron anati pakati pa chimbalecho pakhoza kukhala black hole, chinthu chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawamo, koma kuwala kwa X-ray kumene kumayembekezeka pa zinthu zotero sikunaoneke, ngakhale pamene setilaiti ya XMM-Newton inayang'ana kadamsana wa 2009 asanayambe.

Ganizo la Huang limandisangalatsa chifukwa limamasula mfundo zitatu nthawi imodzi popanda kupeka chinthu chachilendo. Chimbale chikhoza kukhala chachitali kwambiri koma chopyapyala, motero kadamsana amatalika. Sichiphimba nkhope yonse, motero timizere ta nyenyezi ya F sitichoka. Ndipo chikhoza kubisa m'kati mwake nyenyezi yolemera imene imakoka inzake ija. Komabe ganizo labwino si umboni, ndipo munthu amene akufuna kuyesa ganizo lake pa nyenyezi imeneyi amadikira zaka 27. Katswiri mmodzi amakhala ndi mwayi woona kadamsanayu kawiri pa ntchito yake yonse, akachita mwayi katatu.

Kadamsana wa 1982 mpaka 1984 anapeza zipangizo zoyezera infrared zitakhwima. Dana Backman ndi anzake anaona kuti akamapita ku kuwala kwa mafunde aatali, kadamsanayo amakhala wosazama. Tanthauzo lake n'lakuti pali chinthu china chimene chikutulutsa kuwala kwakekwake kwa infrared, chimene sichiphimbidwa chifukwa ndicho chili kutsogolo. Anapeza kuti kutentha kwake ndi madigiri 200 ndi kanthu. Imeneyo si nyenyezi, ndi fumbi lofunda. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Hack ndi mnzake Pierluigi Selvelli, pogwiritsa ntchito setilaiti ya IUE, anali ataonanso kuwala kwa ultraviolet (kuwala kwa mafunde aafupi kumene maso athu saona) kochuluka kuposa kumene nyenyezi ya F ingatulutse, chizindikiro chakuti penapake pabisala chinthu chotentha kwambiri.

Kusasintha kwa mtundu wa kuwala kuja kunapereka mfundo inanso. Fumbi losalala kwambiri, longa limene lili m'mipata ya pakati pa nyenyezi, limatsekereza kuwala kwa buluu kuposa kofiira, ndiye chilichonse chimene chili kuseri kwake chimaoneka chofiirira. Fumbi la Epsilon Aurigae limatsekereza mitundu yonse pafupifupi mofanana. Ndiye kuti njere zake ndi zokulirapo kuposa fumbi wamba la mlengalenga.

Chithunzi chenicheni chinabwera pa kadamsana amene anayamba mu Ogasiti 2009. Kujambula nkhope ya nyenyeziyi si ntchito yamasewera: kukula kwake mmene imaonekera kuchokera kuno n'kofanana ndi chinthu cha mamita 4 chili pa Mwezi. Palibe telesikopu imodzi imene ingaone zimenezo. Koma pa phiri la Mount Wilson ku California pali CHARA, ya Georgia State University, imene ndi matelesikopu 6, iliyonse ya galasi la mita imodzi, omwazikana pamwamba pa phiri motalikirana mpaka mamita 330. Kuwala kwa onsewo kumadutsa m'mapaipi n'kukakumana m'chipinda chimodzi, ndipo mmene mafunde ake akulimbitsirana kapena kufafanizirana ndimo kompyuta imapangira chithunzi, chakuthwa ngati chochokera ku galasi limodzi lalikulu mamita mazanamazana. Brian Kloppenborg ndi Robert Stencel a ku University of Denver, pamodzi ndi John Monnier wa ku University of Michigan amene anapanga chipangizo chophatikizira kuwalako, anajambula mu Novembala ndi mu Disembala 2009. Pa zithunzizo, zimene zinatuluka m'magazini ya Nature mu Epulo 2010, pakuoneka nkhope yowala ya nyenyezi, ndi chinthu chakuda, chachitali, chopyapyala chikulowa cham'mbali n'kumaphimba chigawo cha kummwera, cha kumpoto chikuwalabe. Patatha zaka 45, chimbale cha Huang chinaoneka ndi maso.

Pa nthawi yomweyo anthu wamba ambirimbiri ankayeza kuwala kwa nyenyeziyi usiku ndi usiku kudzera mu ntchito ya Citizen Sky ya AAVSO, bungwe la ku America la anthu otsatira nyenyezi zosinthasintha kuwala. Si kuti ankangosangalatsidwa chabe. Nyenyeziyi ndi yowala kwambiri moti imathobwa zipangizo za matelesikopu akuluakulu, ndiponso palibe amene angapatsidwe telesikopu yaikulu usiku uliwonse kwa zaka ziwiri. Mmodzi wa anthuwa, Robin Leadbeater wa ku England, anatsatira kamzere kamodzi kokha ka potaziyamu, kamene kali kumalire kwa kuwala kofiira. Kamzereka kanayamba kuda miyezi ingapo kuwala kusanayambe kutsika, kusonyeza kuti kunja kwa fumbi kuli mpweya wopyapyala umene umatsogola. M'chigawo choyamba cha kadamsana kanasunthira ku mbali yofiira, m'chigawo chachiwiri ku mbali ya buluu. Ndiye kuti mbali yotsogola ya chimbale ikupita kutali nafe, yotsalira ikubwera: chimbalecho chimazungulira, monga chiyenera kuchitira ngati pakati pake pali chinthu cholemera. Anaonanso kuti kamzereko sikankada mosalala koma modumphadumpha, zimene zikhoza kutanthauza kuti mpweyawo uli m'mizere yozungulira yosiyana kuchindikala.

Funso lakale linayankhidwa, koma kasamu kaja kanatsala pomwepo. Kodi ndi 15 ndi 13, kapena 3 ndi 6? Kusiyana kwake si kwa manambala chabe, ndi mbiri ziwiri zosiyana kotheratu.

Ngati ndi 15, nyenyezi yowalayo ndi chimphona chenicheni, chobadwa cholemera, chimene chikutha mafuta ake mofulumira ndipo tsiku lina chidzaphulika. Vuto lake ndi inzake ya 13 ija, chifukwa nyenyezi yolemera choncho imawala kuposa Dzuwa maulendo masauzande ambiri, ndipo n'zovuta kuti fumbi liibise yonse osatenthedwa kuposa mmene tikulionera. Jack Lissauer ndi Backman mu 1984 anapereka njira yozembera vutoli: pakati pa chimbale pakhoza kukhala nyenyezi ziwiri zoyandikana m'malo mwa imodzi. Kuwala kwa nyenyezi kumakwera mofulumira kwambiri kulemera kukamakwera, moti nyenyezi ziwiri za 6.5 iliyonse zimatulutsa kuwala kosafika gawo limodzi mwa magawo asanu a kuwala kwa nyenyezi imodzi ya 13, chonsecho zimakoka mofanana.

Ngati ndi 3, nyenyezi yowalayo ndi nkhalamba imene yatsala pang'ono kufa. Inafufuma, n'kutaya mpweya wake wambiri, ndipo wina unagwidwa ndi inzake n'kukhala chimbale chija. Ikuoneka ngati chimphona chifukwa chofufuma, osati chifukwa cholemera. Peter Eggleton ndi James Pringle anafotokoza ganizoli mu 1985. Mu 2010 Donald Hoard, Steve Howell ndi Stencel anasonkhanitsa miyezo yonse kuyambira ultraviolet mpaka infrared ya telesikopu ya mlengalenga ya Spitzer, ndipo anapeza kuti zonse zikukwanira bwino ndi zinthu zitatu: nyenyezi ya F yolemera pang'ono kupitirira 2, nyenyezi yotentha ya mtundu wa B yolemera 5.9, ndi chimbale cha madigiri pafupifupi 280 chimene kuchoka pakati kufika m'mphepete ndi maulendo 3.8 a mtunda wa pakati pa Dziko ndi Dzuwa.

Mbali iliyonse ili ndi umboni wake. Kenneth Hinkle ndi Theodore Simon, poyeza mpweya wa carbon monoxide umene umaoneka m'chigawo chachiwiri cha kadamsana, analengeza mu 1987 kuti m'chimbalemo muli kaboni-13, mtundu wa kaboni wolemererapo kuposa kaboni-12 wamba, wochuluka modabwitsa: mmodzi pa kaboni-12 khumi aliwonse, pamene pa Dziko lino ndi mmodzi pa 89. Kaboni-13 wochuluka chonchi amapangidwa m'kati mwa nyenyezi, ndiye kuti chimbalecho si zotsalira za pamene nyenyezizi zinkabadwa, ndi zinthu zimene zinaphikidwa kale mu nyenyezi ina n'kutayidwa. Kumbali inayo, gulu la ku Japan lotsogoleredwa ndi Kozo Sadakane linasanthula timizere ta nyenyezi ya F mu 2010 n'kupeza kuti zimene zili mu mpweya wake zikufanana ndi za zimphona zolemera wamba. Ine ndimaona kuti umboni wa kaboni ndi wamphamvu pa funso lakuti chimbale chinachokera kuti, koma sumaliza nkhani ya kulemera, pakuti zimphona zolemera nazonso zikafufuma zimatha kukweza kaboni-13 kuchoka m'kati kufika pamwamba.

Chimene chingathetse mkanganowu ndi mtunda. Zithunzi za CHARA zimatiuza kukula kwa zinthu mmene zikuonekera pa thambo, osati m'makilomita. Kuti tisinthe kukhala makilomita tiyenera kudziwa kuti zili kutali bwanji. Lamulo lachitatu la Kepler limati ngati zonse pamodzi zimalemera 9, ziyenera kutalikirana maulendo pafupifupi 19 a mtunda wa pakati pa Dziko ndi Dzuwa kuti zizungulirane pa zaka 27.1, ndipo ngati zimalemera 28, maulendo 27. Choncho nyenyeziyi ikakhala pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 2,000, yankho ndi lopepukalo. Ikakhala pa zaka pafupifupi 3,000, yankho ndi lolemeralo.

Mtunda wa nyenyezi amauyeza ndi njira imene mungaiyese pompano: tambasulani dzanja, imikani chala chachikulu, ndipo tsinzinani diso lina kenako linalo. Chalacho chimaoneka ngati chikudumpha, ndipo chikakhala pafupi ndi nkhope chimadumpha kwambiri. Maso awiri a akatswiri ndi malo awiri amene Dziko limakhala pakadutsa miyezi 6, mbali ino ndi mbali iyo ya Dzuwa. Vuto n'lakuti Epsilon Aurigae imadumpha pang'ono zedi, pang'ono kuposa kukula kwa nkhope yake yomwe. Kuwonjezera apo nkhopeyo siikhazikika: nyenyeziyi imafufuma ndi kunyala mosatsata ndondomeko pa miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, ndipo ikuyendanso m'njira yake ya zaka 27.

Setilaiti ya Hipparcos, imene inagwira ntchito kuyambira 1989 mpaka 1993, inapereka zaka pafupifupi 2,000, koma mpata wa kulakwitsa unali waukulu pafupifupi ngati muyezo womwewo. Gulu la Hoard linagwiritsa ntchito mtunda umenewu, ndipo yankho lawo lopepuka latsamira pamenepo. Setilaiti ya Gaia ya European Space Agency inayembekezeka kumaliza nkhaniyi, koma inapangidwira nyenyezi zosawala kwambiri, ndipo zowala ngati iyi zimaivuta. Zotsatira zake za 2018 zinapereka zaka pafupifupi 1,350, kumbali ya yankho lopepuka. Zotsatira za 2020 zinapereka zaka zopitirira 3,000, kumbali ya yankho lolemera. Makina amodzi omwewo, nyenyezi imodzi yomweyo, mayankho osiyana kupitirira kawiri. Amene akufuna kunena motsimikiza kuti nyenyeziyi imalemera mwakuti ayenera kunena kaye muyezo umene wasankha ndi chifukwa chake.

Gaia inasiya kuyeza mu Januwale 2025 itagwira ntchito zaka zopitirira 10, zimene ndi kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendo wa Epsilon Aurigae, ndipo miyezo yake yonse siinatulutsidwebe. Ikadzatuluka kudzakhala kotheka kulekanitsa bwino kudumpha kwa chaka ndi chaka ndi kupindika kwa njira ya nyenyeziyo. Kupindikako pakokha kuli ndi phindu lina: kukula kwa njira ya nyenyezi ya F m'makilomita tikukudziwa kale kuchokera ku liwiro la makilomita 14 pa sekondi lija, ndiye tikayeza kukula kwa njira yomweyo mmene ikuonekera pa thambo, mtunda utuluka wokha popanda kudalira kudumpha kuja. Kadamsana wotsatira adzayamba mu 2036, ndipo kwa nthawi yoyamba padzakhala zithunzi zakale zoyerekezera nazo, kuti aone ngati chimbale chasintha kuchindikala, kupendekeka kapena malo amene chimadutsa pa nkhope ya nyenyezi.